Ndege Yanga M'dengu la Apongozi

Amwene, nkhani iyi ngakhale nditagwira Baibulo ndi manja onse awiri mukana basi, muti Yamikani wayambanso zake zija. Koma mukafunse aliyense wothyola tiyi pa esiteti yakwathu ija, mungoti "ndege", muona munthu akutula dengu pansi kuti aseke bwino.

Inu mukudziwa kuti ine sukulu ndinasiyira sitandade 7, osati umbuli ayi, aphunzitsi ndi amene ankachedwa, ine mutu unali utafika kale kutsogolo. Wailesi, tochi, foni yogwera m'chitsime, zonsezo zikafika pakhonde langa pa Luchenza zimadzuka. Ndiye nditaona pafoni anthu akunja akuulutsa tindege tating'ono ta limoti, ndinati aaa, zimenezi ndi zochita kujambulitsa? Sipanathe miyezi iwiri ine yanga ili pamanja. Thupi la chithovu choyera chopepuka, mapiko kutalika ngati mkono wangawu, kamota ndi fani wake kumbuyo kwa mapiko, batire yotchaja m'mimba. Limoti ya timitengo tiwiri, kakumanzere ndi ka moto, kakumanja kokhotetsa. M'mbali ndinalemba ndi penti wofiira kuti KAPUTENI YAMI. Kukongola kwake, amwene, nkhuku ikangoyandikira ndinkaigenda.

Tsono vuto linali Felesiya. Ayi, ndalakwa, Felesiya si vuto, Felesiya ndi mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Vuto ndi amalume ake, a Mukhuna, kapitawo wa pa esiteti pomwepo. Kwathu kuno mukudziwa, bambo wa mwana amangogwedeza mutu, mwini mbumba ndi malume, iyeyo akati ayi ndiye kuti chinkhoswe palibe ngakhale uvale suti ziwiri. Ankhoswe anga anali atapitako kawiri konse, yankho lake lomwelo: tiganize kaye. Kuganiza kwanji kosatha?

Tsiku lina ndinawapeza panjira akuchokera kuntchito, ndinatsika njinga, kuvula chipewa, moni wake wogwira bondo.

"Kodi mnyamata iwe," akutero a Mukhuna, "setifiketi ulibe, munda ulibe, tiyi suthyola. Mwana wa mlongo wanga azikadya chiyani? Mawaya?"

"Amalume, ine ndi injiniya."

"Wa chiyani?"

"Wa ndege."

Anandiyang'ana kuyambira kupatapata mpaka kumutu, n'kubwereranso kupatapata.

"Chabwino a injiniya. Loweruka nthawi yoyeza tiyi pasikelo mubwere nayo pabwalo la mpira. Ikauluka n'kutera ine ndikuona ndi maso angawa, muuze ankhoswe anu abwere tidzatchule tsiku. Ikakanika, njira ya kwathu muiiwale."

Munthu wanzeru akanatani pamenepo? Akanapita mwakachetechete, n'kukayeserera kaye kudambo kopanda anthu. Koma ine? Ndinalengeza pa siteji ya kabaza, ndinalengeza kometera tsitsi, ndinauza ngakhale akwaya. Kuyeserera ndinati ayi, batire ingatope, komanso mavidiyo ndinali nditaonera okwanira. Loweruka ndinafika nditavala shati yoyera ya msuweni wanga, magalasi akuda, ndi chipewa cha mlonda wina chimene ndinabwereka chifukwa chimaoneka ngati cha oyendetsa ndege. Anthu pabwalo paja, ngati kuli fainolo.

Bwalo limenelo lagundana ndi munda wa tiyi, ndipo kumapeto kwa mundawo ndi kumene kuli shedi yoyezera masamba. Nthawi imeneyo othyola anali akutuluka m'mizere, madengu kumsana, kulowera kusikelo. Pakati pawo panali amayi ake a Felesiya. Tsono apa mumvetse bwino. Chiyambireni ankhoswe anga kuponda pakhomo pawo, ine ndi amayiwo tinayamba kupewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo amatembenuza nkhope. Kuwayankhula mwachindunji ayi, kuwayang'ana m'maso ayi, kuwayandikira ndiye usayese n'komwe. Ine apongozi anga ndimawadziwira kumbuyo kwa duku.

A Mukhuna anaima pambali panga, wezulo ili pakhosi, manja kumbuyo.

"Tiyeni a injiniya, ntchito ikundidikira."

Ndinanyambita chala n'kuchikweza m'mwamba kuti ndimve kumene mphepo ikuchokera, chifukwa ndege umaiponya moyang'anizana ndi mphepo, zimenezo n'zoona, mukafunse. Ndinakankha kamtengo ka moto mpaka kumapeto, fani anayamba kulira zwiiiii, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Ndinathamanga masitepe atatu, ponyeni!

Inatsika kaye ngati ikukanunkhiza udzu, kenako amwene inadzuka. Inauluka! Inakwera kupitirira mapolo a zigoli, kupitirira mabulugamu, azimayi nthungululu, akabaza mabelu ngrii ngrii. Kenako inakhota bwinobwino, kuzungulira bwalo lonse ngati yotumidwa. Ndinaona a Mukhuna akukweza chipewa chawo kuti aone bwino, pakamwa pali yasa. Ndinati basi, Felesiya ndi wanga, tigule mpunga.

Apa ndi pamene satana anandilowa. M'malo moitsitsa nthawi yomweyo zinthu zili bwino, ndinatembenukira anthu, kugwira limoti ndi dzanja limodzi, linalo m'thumba.

"Amalume, sankhani nokha. Ikhotere kumanja kapena kumanzere?"

"Kumanja."

Ndinakankhira kamtengo kumanja. Ndege inapita kumanzere.

"Kumanja kwa ndegeyo, amalume, osati kwanu," ndinatero msangamsanga. Ndinakankhanso kwina, ndege phee, ikungopita kumene ikufuna, yasiya bwalo, yalunjika kumunda wa tiyi, ndiponso ikutsika. Kankhe uku, kankhe uko, palibe. Mukudziwa inu wailesi ikamavuta timaitani? Timaimenya mbama. Dzanja linangochita lokha. Phaa palimoti! Chivindikiro cha mabatire chinali chomanga ndi mphira, mphira duu, mabatire anayi onse balala muudzu. Limoti yafa, koma kamota m'mwambamo kakadali pamoto wonse.

Tsopano taganizani. Azimayi ali pamzere ngati makumi asanu, aliyense dengu lake kumsana. Pali madengu a anthu osawadziwa, pali madengu a anthu amene ndimadana nawo kale. Mwa madengu onsewo, ndege yanga inasankha liti? Nenani nokha.

Fwaa!

Mphuno yonse inalowa m'masamba, mapiko anakhala pamwamba pa dengu ngati yaikidwa ndi munthu, fani ali kumbuyo kwenikweni kwa duku la apongozi, zwiiiii, masamba a tiyi akuuluka ngati akupeta. Mayi wina anakuwa, "Ndege ya afiti! Yagwa masana!" Iii, mzere wonse unabalalika, wina kugwa, wina kuitana Yesu, wina kuitana amake m'Chilomwe. Kalaliki wa pasikelo ndinangoona nsapato zake zikulowa pansi pa tebulo.

Apongozi ndiye anauyatsa liwiro. Dengu lija lili ndi zingwe m'mapewa, silimangogwa lokha, ndiye iwo akuthawa phokoso, phokosolo lili pamsana pawo pomwe. Akawonjezera liwiro, nalonso lili pomwepo.

Kuti kamotako kasiye, panafunika munthu akasolole waya wa batire ndi dzanja, ndipo wodziwa wayayo ndine ndekha. Koma mkamwini ungafike bwanji pamsana pa apongozi? Kuwaitana kuti aime, ndiwaitana bwanji poti sindiwayankhula? Ndinangokuwira m'mwamba, "Wina awauze aime! Wina awauze kuti si afiti, ndi ine!" Wina wake ndani, aliyense akupulumutsa moyo wake?

Basi ndinalowa m'munda. Koma poti ulemu ndi ulemu, ndinkathamanga nkhope nditaitembenuzira kumbali, kuwatsatira ndi khutu, kumene kukumveka zwiiiii ine komweko. Tiyi wofika m'chiuno, nthambi zikukwapula shati ya msuweni wanga, chipewa cha mlonda chinatsala pamzere wachitatu. Apongozi atacheuka n'kuona kuti akubwera kumbuyoyo ndi mkamwini, nawonso mwambo unawagwira, anaphimba nkhope ndi chitenje n'kupatukira mzere wina kuti andipatse njira. Ine kumva phokoso lakhota, nane ndinakhota. Iwo kupatukanso. Ine kukhotanso. Amwene, tinazungulira munda umenewo ngati tikuuyeza.

Kumbuyo wezulo ikulira, a Mukhuna akukuwa, "Iwe! Ukuthamangitsa ndani? Ameneyo ndi mlongo wanga! Mleke!"

Ndikanayankha, koma munthu wothamanga akuyang'ana kumbali saona ngalande. Ndinangomva pansi palibe. Thibu! Matope ofiira aja mpaka m'makutu, magalasi akuda mpaka lero sanapezeke. Ndili m'ngalandemo ndinamva kamota kaja kakufooka, zwii, zwi, zii. Batire inatha yokha. Ndikusuzumira, ndinaona apongozi atakhala pansi pafupi ndi msewu wa thirakitala akupuma ngati njinga yokwera chitunda, Felesiya, amene anathamangira kumeneko kuchokera kubwalo, akusolola ndege m'dengu. Masamba amene apongozi anathyola kuyambira m'mamawa, otsala m'dengumo sakanakwana ngakhale kapu imodzi ya tiyi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anandiitana kwa a Mukhuna. Iwo pampando, ine pansi, ndege pakati pathu ngati mbuzi yakuba. Apongozi anali m'nyumba kuseri kwa chitseko, Felesiya atakhala pakhomo kuti azitulutsa mawu awo.

"Fotokozani a injiniya."

Ndinafotokoza bwino kwambiri. Ndinati kunabwera mphepo ya chiperoni mwadzidzidzi kuchokera ku Mulanje. Ndinati anthu anachuluka ndi mafoni, netiweki yawo inasokoneza limoti. Ndinawakumbutsa kuti poyamba paja onse anaona mmene ndinaizungulitsira bwalo ndi chala chimodzi.

A Mukhuna anangopisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapulasitiki kachikasu, kakang'ono ngati bokosi la machesi.

"Aka n'kachiyani?"

Ndinakazindikira pomwepo. "Ndi chiwongolero, amalume. Kamakhala kumchira."

"Ntchito yake?"

"Ndi kamene kamakhotetsa ndege."

"Popanda aka?"

"Siingakhote ndi limoti."

"Ndinakatola pamene munaima paja. Kanagwera pansapato yanga nthawi imene munkaiponya." Anakaika pabondo pawo. "Ndiye kuti ndege ija inkadziyendera yokha ndi mphepo, inu mumangovina ndi kabokosi."

Kuseri kwa chitseko kunamveka ngati munthu watsamwa, kenako chiphwete, kuseka kwenikweni kochita kumenya khoma. Ine ndinati basi, awa akusekera maliro anga. Felesiya analowetsa mutu m'nyumba, kumvetsera, n'kutulukanso akudziluma milomo.

"Amayi akuti bondo lawo lija linkavuta lija, kuyambira dzulo lili bwino."

A Mukhuna anati zimenezo si za pano. Felesiya anamvetseranso.

"Akuti anthu ena akanawagwira paphewa n'kunena kuti inali ngozi. Koma awa munda wonse uja sanawayang'ane kumaso ngakhale kamodzi, mpaka kugwera m'ngalande. Akuti ulemu ali nawo. Nzeru tizingowapempherera."

A Mukhuna anakanda chibwano.

"Ine ndinati iuluke n'kutera," anatero. "Kuuluka inauluka, ngakhale popanda thandizo lanu. Kutera inatera, ngakhale pamsana pa mlongo wanga. Mwini msana wakhululuka, ine nditani? Kuyambira mawa mutenge dengu, masabata awiri muzithyola, zonse zikalembedwe dzina la mlongo wangayo. Mukamaliza, ankhoswe anu abwere."

Ndiye mukuona zala zangazi zakuda chonchi, musamati ndi girisi, ndi tiyi. Azimayi aja akangondiona ndikulowa m'mzere onse amabisa madengu n'kuyamba zwiiiii ndi pakamwa. Chinkhoswe chilipo mwezi wamawa, nonse mubwere. Koma ndalumbira, ine kudzaulutsanso chinthu pamalo pamene pali wachibale wa Felesiya, ngakhale chibaluni cha pa ukwati, mudzandimange ndi chingwe cha kabaza.

Iwe Chikondi, ukundiyang'ana choncho bwanji? Poti mlongo wako amachapa kwa bwana manijala wa esiteti ndiye wakuuza chiyani? Chabwino, chabwino, khala pansi. Ndegeyo ndinaitola m'dzala la zinyalala kuseri kwa nyumba ya bwanayo, mwana wawo anaitaya pamodzi ndi limoti yake itathyoka chiwongolero. Koma musaiwale kuti chiwongolero chatsopanocho, chachikasucho, ndinadula ndekha pa chivindikiro cha majarini n'kumata ndi manja angawa. Pandege yonse ija, changa chinali chimenecho.