Nyimbo ya a Dikirani

Inu, tamverani. Bambo aja odula makiyi, amene aliyense amawatchula kuti a Dikirani, dzina limenelo si lawo ayi. Pa chiphaso pawo pali lina. Ili anapatsidwa ndi gitala.

Gitalayo anayamba kuimba asanamere ndevu, ndipo mpaka imvi zinachita kuti mbuu, sanaphonyepo tsiku. Akaweruka ku kashopu kawo, ankasamba m'manja kuchotsa fumbi la zitsulo, n'kukhala pakhonde, gitala pamwendo. Kuchuna kokhako, munthu ukanatha kumeta ndevu n'kusitanso malaya. Akamaliza apo ankayamba nyimbo yawo. Ndati nyimbo yawo, musaganize kuti zinali zambiri. Inali imodzi, yomwe anapeka okha pofunsira mayi a kunyumba kwawo zaka makumi anayi zapitazo.

Inkayamba bwinobwino ndithu:

Maso ako ngati nyali ya njinga,
ndikawaona mdima uthawa,
undiwalitsire njira ya...

Apo ndiye panali dzenje. Pa mawu akuti "njira ya" nyimboyo inkafuna kiyi wina amene oimba amati F, pomwe chala chimodzi chimayenera kugona n'kupanikiza nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma amene anapanga gitala mwambi umenewu sanaumve. A Dikirani akafika pamenepo, gitala inkangoti khwee, ngati nkhuku yotsamwa, iwo n'kunena kuti, "Aaa, dikirani." Kenako ankayambiranso pa maso paja. Munthu wotsegula zitseko za anthu onse, kiyi mmodzi yekhayu anamukanika.

Tsiku lofunsira lija zinateronso. Anayambiranso kanayi, kachisanu mtsikanayo anangoti, "Ndavomera." Alamu awo, achimwene a mayiwo, amalumbira mpaka lero kuti mlongo wawo anavomera pofuna kupulumutsa makutu. A Dikirani ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawawa kuti mkazi wabwino chotere anamutenga ndi theka la nyimbo.

Ana anakula akuganiza kuti "Aaa, dikirani" ndi mawu a nyimboyo. Mayi nawo ankawiritsira mazira pa nyimbo yomweyo: madikirani atatu, dzira lapsa.

Ndiye tsiku lina mwana wawo woyamba, amene ndi namwino, anabwera ndi mwamuna wake. Popereka moni anagwira dzanja la bambo ake, osalitaya.

"Bambo, chala ichi chatupa liti?"

"Chimatero kukazizira."

"Iyi ndi nyamakazi. Chikapitiriza chonchi, chaka chamawa sichidzawongoka."

Chinali chala chomwe chija cha F. Asanameze n'komwe mawu amenewo, namwino anawonjeza kuti ana onse agwirizana zowakonzera makolo phwando la zaka makumi anayi za ukwati, kwatsala masabata atatu.

"Za nyimbo musavutike, bambo," anatero mkamwini. "Ndibweretsa zimkuzamawu ziwiri zazikulu."

"Ndiimba ndine."

"Iti?"

"Zilipo zingati?"

"Mpaka pati, bambo?" anafunsa namwino.

"Mpaka kumapeto."

Mayi anangoyang'ana kudenga. Koma a Dikirani sankaseka. Anadziwa kuti akapanda kuwamalizira mkazi wawo nyimboyo chaka chino, ndiye kuti sidzamalizidwanso.

Anaganiza zoyeserera mobisa kuti adzawadzidzimutse mayi. Loweruka mayi atapita kumsika, analowa m'bafa ndi gitala, poti m'bafa mawu amamveka ngati a pa wailesi, n'kukiya chitseko. Loko wa m'bafamo anamupanga okha ndi zidutswa za maloko atatu otha, chifukwa iwo ankati mmisiri wogula loko watsopano ndi wamanyazi. Anayeserera mpaka chala chinachita dzanzi. Atamva geti likulira anathamangira kutsegula, kiyi uja n'kuti thyo, kuthyokera mkati.

"Abambo, muli kuti?"

"Ndikusamba."

"Nanga gitala ili kuti? Pamsomali palibe."

Mayi anagogoda chitseko cha m'bafa.

"Mukusamba ndi gitala?"

"Dikirani."

Mayi anadikira ola lathunthu, pamapeto pake anakaitana mmisiri wina wa makiyi, wa patsidya pa msewu, amene a Dikirani anali asanamupatse moni kwa zaka khumi ndi chimodzi. Munthuyo anabwera ndi kawaya, anangoti tokoso tokoso, chitseko gwaa. Anawapeza akuluwo atakhala pa ndowa yovundikira, atavala nsapato ndi jekete, gitala pachifuwa.

"Mwaswera bwanji, akulu?"

"Ndaswera."

"Loko ameneyu anaika ndani?"

"Mwini nyumba wakale."

"Nyumbayi tinamanga tokha," anatero mayi.

Kuyambira tsiku limenelo gitala inasamukira kushopu. Ankayeserera pakati pa kasitomala ndi kasitomala, ndipo anthu awiri anabweza makiyi sabata imeneyo, ati akungozungulira osatsegula. Lachinayi kunabwera mayi wina wamagalasi kudzadulitsa kiyi wa kabati. Anati ndi mphunzitsi wa nyimbo. Ataona gitala pakona anapempha kuti aigwireko. Anayesa F uja, n'kukwinya nkhope, kenako anaitembenuza gitalayo n'kuisuzumira cham'mbali.

"Bambo, mwakhala mukuimba imeneyi?"

"Zaka makumi anayi ndi zisanu."

"Ndiye muli ndi zala za mmisiri wa njerwa. Taonani, nsambo zatalikirana ndi khosi la gitala, mphaka akhoza kudutsa pansi pake osawerama. Apa F sangalire, ngakhale atabwera mngelo. Kafupa koyera aka, komwe nsambo zatsamira, katalika kwambiri. Inabadwa chonchi gitalayi. Kaipatseni okonza, kapena mungogula ina."

A Dikirani anakhala pansi. Zaka zonsezi ankachitukwana chala chawo, ankachiviika m'madzi otentha, nthawi ina anachimenyapo ndi supuni, chonsecho wolakwa anali kafupa kochepa ngati njere ya nyemba. Anachiyang'ana chalacho n'kuchiuza motsitsa kuti, "Pepa."

Koma zopita kwa okonza anazikana. Munthu wokhala ndi matupa opalira zitsulo asanu ndi awiri akapereke gitala kwa mlendo? Anamasula nsambo, n'kuchotsa kafupa kaja, n'kukapana pa chopanira makiyi. Anapala pang'ono, n'kuyesa, F anatsala pang'ono kulira. Anapalanso. Ndiye mukudziwa dzanja likazolowera tupa silimva kuti basi. Pobwezera, nsambo zonse zinagona pakhosi la gitala ngati zaledzera, ndipo atakhwatcha zinangoti zzzz, mpaka wogulitsa mafoni wa khomo loyandikana anatuluka ndi mankhwala ophera njuchi. Walira mvula walira matope.

Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Anakhala masiku awiri osadya bwino, akungoyang'ana gitala yakufa. Tsiku lachitatu anatenga kiyi wosadula, n'kuchekako kachidutswa kopyapyala, n'kukapala mpaka kusalala, n'kukalowetsa pansi pa kafupa kaja. Anachuna. Anagoneka chala.

Inu! F analira. Analira bwinobwino, nsambo zonse zisanu ndi imodzi, ngati wakhala akudikira pakhomo nthawi yonseyi. A Dikirani anatseka shopu masana dzuwa likuswa mtengo, misozi ili lengelenge, n'kuyamba nyimbo kuchokera pa maso. Nyali ya njinga inadutsa, mdima unathawa, "undiwalitsire njira ya..." gitala inawoloka dzenje lija bwinobwino, koma pakamwa panalibe kanthu.

Njira ya kuti?

Anakanda mutu. Anafufuza m'mabuku akale, m'sutikesi, m'thumba la gitala. Sanathe kukumbukira ngati anaiwala mawu otsatira kapena ngati sanawapeke n'komwe. Zaka makumi anayi akumenyana ndi chitseko, atatsegula anapeza kuseri kulibe chipinda. Anawaimbira foni alamu awo aja.

"Alamu, tsiku lija ndinkati njira ya kuti?"

"Ife tinamva dikirani basi."

"Nanga inu mukuganiza kuti ingakhale njira ya kuti?"

"Pa msinkhu wanuwo? Ya kuchipatala."

Anadula foni. Sabata yonseyo anapeka, akulemba kuseri kwa makatoni a maloko, mpaka anatulutsa ndime zitatu zathunthu.

Tsiku la phwando linafika. Masana pabwalo panadzaza ana, zidzukulu, alamu, anansi, ngakhale mmisiri wa patsidya uja, amene mayi anamuitana okha. Keke itadulidwa, mkamwini anazimitsa zimkuzamawu zake monyinyirika. A Dikirani anakhala pampando moyang'anana ndi mkazi wawo. Anachuna kwa nthawi yoti ena anakawonjezera zakumwa. Kenako anayamba.

Anthu onse anaimba nawo, poti panalibe amene sankaidziwa. Maso ako ngati nyali ya njinga. Ndikawaona mdima uthawa. Undiwalitsire njira ya...

"AAA, DIKIRANI!" linakuwa bwalo lonse, anthu makumi atatu ndi mawu amodzi, n'kubwerera okha pa maso paja.

Koma a Dikirani anali atawoloka kale. Kwa kanthawi panamveka nyimbo ziwiri, gulu lili ku nyali ya njinga, mwini nyimbo ali kutsogolo yekhayekha. Mmodzimmodzi anthu anatseka pakamwa. Iwo anapitiriza, thukuta lili kamukamu:

...njira ya kwathu,
mtima wanga ndi loko wadzimbiri,
kiyi wake uli naye ndiwe.

Anaimba ndime zonse zitatu osaphonya ngakhale nsambo imodzi, n'kumaliza ndi kukhwatcha kwakukulu. Alamu anali kukamwa yasa. Namwino ankapukuta m'maso. Anthu anawomba m'manja mokayika, ngati aona mbuzi ikuyenda ndi miyendo iwiri. A Dikirani sanayang'ane aliyense koma mkazi wawo.

"Mayi, ndi imeneyo. Yonse."

Mayi anaika mbale ya keke pansi.

"Mwalakwitsa."

"Ndalakwitsa pati?"

"Mwadumpha. Pajapa."

"Pamene paja ndiye panali polakwika, mayi! Zaka zonsezi ndimalakwitsa. Lero ndakhoza."

"Ndiye mwakhoza nyimbo ya munthu wina. Za maloko adzimbirizo kaimbireni makasitomala anu. Yanga ili ndi dikirani."

"Nanga si munavomera kuti ndisiye kukusokosani? Alamu amatero."

"Achimwene anali kuseri kwa nyumba, akudziwa chiyani? Tamverani, abambo. Anyamata onse amene ankandifuna ankabwera ndi liwiro: tiye, tiye, yankha lero. Inu nokha munabwera n'kulakwitsa pamaso panga kanayi, osathawa, osanamizira gitala, n'kundipempha mwaulemu kuti ndidikire. Ndinati uyu ndiye munthu wokhala naye. Ndimati ndikamva dikirani ndili kukhitchini, ndimadziwa kuti mwafika, muli bwino, ndipo mawa mudzakhalanso pomwepo. Tsopano mwamaliza. Ndiye ndizidikira chiyani?"

A Dikirani anayang'ana gitala yawo. Anasangalala ndi kukhumudwa nthawi imodzi, osadziwa choyamba n'chiti.

"Ibwerezeni," anatero mayi. "Bwinobwino."

Anayambiranso. Atafika pa dzenje paja anayesetsa kulakwitsa, koma F anangolira mokoma. Anati, "Aaa, dikirani," koma zinamveka ngati munthu wowerenga kalata ya eni ake.

"Zabodza," anatero mayi.

"Kachitsulo munaika pansipo n'kabwino," anatero mmisiri wa patsidya, atasuzumira. "Ntchito yanu yoyamba yogwira."

Mungaganize kuti anangokachotsa kachitsuloko. Anayesa. Njuchi zija zinabwerera, mayi n'kunena kuti yawo inali nkhuku yotsamwa, osati njuchi. Ndiye anakabwezera. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse akaweruka, bambo wa imvi zake ankakhala pakhonde kuyeserera kulakwitsa. Ankafewetsa chala, ankachipendeketsa, ankayang'ana kumbali, koma gitala inakana. Kukhitchini kunkangomveka kuti, "Sizinafike. Yambiraninso." Mazira anayamba kupsa mwachisawawa.

Miyezi inapita, nyengo yozizira inafika, ndipo zimene ananena namwino zinachitika. Tsiku lina chala chija chinadzuka chotupa, chopindika ngati mbedza. A Dikirani anachiyang'ana ndi mantha, poti tsiku limeneli ndi lomwe ankaliopa chaka chonse. Komabe anakhala pakhonde, anachuna, n'kuyamba. Nyali ya njinga. Mdima uthawa. Njira ya... Anagoneka chala, chala chinakana, gitala n'kuti khwee.

"Aaa, dikirani," zinatuluka zokha.

Kukhitchini kunagwa chivundikiro cha poto.

"Eyaa! Imeneyo ndiye nyimbo yanga!" anakuwa mayi. "Musasiye, abambo. Awiri enanso, dzira lili pamoto."