Kuonda pa Chikamwini

Lolemba

Nkhondo yayamba! Alamu anga a Fabiano, achimwene a akazi anga, munthu woonda ngati bango, akuti ali ndi mphamvu kuposa ine. Ine, wokweza matumba a kachewere pa lole ku Mayani! Akuti aona pa foni kuti mphamvu sayeza ndi kukula kwa thumba: umatenga makilo amene wanyamula n'kugawa ndi makilo a thupi lako. Kunena kwake, nyerere iposa ng'ombe.

Tapangana pamaso pa anthu. Loweruka tikayesana pa sikelo ya a Gomani, venda wogula mbewu. Wogonja adzatuta yekha kachewere yense wa apongozi, kuchokera kudimba, kukwera chitunda mpaka kunyumba. Ndikagonja, mkamwini ine ndiziyenda bwanji m'mudzi wa eni ake uno?

Nzeru ndi yapafupi: ndionde. Malamulo:
– tchipisi cha pachiwaya, ayi
– thobwa, ayi
– madzulo tiyi wopanda shuga basi

Lachiwiri

Kuzizira kwa kuno ndi njala ndi pachibale. Ndikunyamula chitsulo changa cholimbitsira thupi, cha zitini za simenti uku ndi uku, kuseri kwa nyumba, m'mimba mukulira. Masana akazi anga akufika ndi mbale yovundikira. Futali, wochokera kwa apongozi! Mkamwini angabweze mbale ya apongozi? Mwano umenewo sindinakule nawo. Ndadya chifukwa cha ulemu. Ndanyambita mbale chifukwa cha ulemu womwewo.

Lachitatu

A Fabiano akuti foni ikunenanso za zaka: wamkulu amamuwonjezera mapointi. Munthu amene kumpira amadzitcha mnyamata, lero wakumbukira kuti pa awirife amene anayamba kuona dzuwa ndi iyeyo. Akuyenda mudzi wonse kuonetsa anthu imvi za m'ndevu.

Mbale ya lero: nkhumba yokazinga, chigumu pambali. Chikwatirireni muno apongozi sanandikondepo chonchi. Zandikhudza mtima, osanama.

Lachinayi

Akazi anga amva kuti foni imawonjezeranso mapointi kwa amayi. Akuti nawonso alowa. Ndikuseka. Iwo sakuseka. Akunyamula chitsulo changa n'kukachiika pafupi ndi khola kuti asese pabwalo, mwana ali kumsana. Kenako funso: "Nanga mwanayu amuwerengera ku thupi kapena ku katundu?"

Ndasiya kuseka.

Mbale: zitumbuwa. Ndimati ndilawe chimodzi.

Lachisanu

Ndapita mwamseri kukadziyeza kwa a Gomani. Sikelo yawo ndi yokoloweka pamtengo, ndiye ndikulowa m'thumba, miyendo lende, ngati nkhumba yopita kumsika. Ndanenepa! Makilo awiri athunthu! A Gomani akundinong'oneza kuti ndithokoze, sikelo yawo imadulako kale pang'ono.

Ndalumbira kuti sindilawa kanthu mpaka mawa. Pofika kunyumba mbale yandidikira pakhonde, chigubu cha thobwa pambali pake. Mulungu akuona kuti ndinayesetsa.

Loweruka

Khamu ngati tsiku la msika. Ndanyamula thumba lalikulu kuposa onse mpaka paphewa. Nthungululu! A Fabiano anyamula kathumba koti ine ndingapite nako kuchigayo ndikuimba mluzu. Akazi anga atsitsa mwana, amanga chitenje m'chiuno, thumba langa lija n'kulisenza pamutu, osatsinzina n'komwe.

Foni yawerenga:
– woyamba, akazi anga
– wachiwiri, a Fabiano ndi imvi zawo
– wotsiriza, ine

Ndati thobwa la dzulo lichotsedwe pa makilo anga. Anthu agwa nacho chiseko. Manyazi andigwira mpaka m'makutu. A Fabiano akusangalala ngati apambana, chonsecho agonja kwa mlongo wawo.

Lamlungu

Pochokera ku Misa ana akundilozerana. Zilibe kanthu, pamudzi pa eni ake sukweza mawu.

Chimodzi chokha chimandivuta. Ndafunsa akazi anga chifukwa chake mayi awo anandikonda mwadzidzidzi sabata yomwe ndimafuna kuonda. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti apongozi anamva za pangano lathu Lolemba lomwelo, ndipo anati: "Akagonja Fabiano, kachewere wanga adzafika kunyumba pa Khirisimasi. Wonyamula ndikumufuna ndi mkamwiniyo."

Ndiye kuti m'mudzi muno alipo mmodzi amene sakayikira mphamvu zanga. Foni ayi, koma apongozi.

Mbale yabweranso, lero yodzaza kuposa masiku onse, ndi uthenga wake: ndidye ndikhute, mawa kuli chitunda.

Ndikudya.