Mazira Amene Azamba Anasiya

Mumsewu wathu munalibe munthu wosadziwa kudikira ngati mdala wokonza mawotchi uja tinkawatcha Azamba. Tiyi ankamwa akubwadamuka, kenako n'kumakalipira kapu kuti yawawotcha. Kwa wometa ankadzuka pampando mbali imodzi ya mutu isanathe, ati mbali inayo anthu sayang'anako. Koma Azamba omwewo ukawaika pafupi ndi dzira la bakha, ankauma ngati chitsa. Pakona ya shopu yawo panali makina ofungatira mazira, ndipo nthawi yoswa ikafika ankatha masiku awiri pampando, manja atawakhalira kuti asachite zopusa, maso ali pagalasi. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo lenileni aliyense analiiwala.

Anamwalira monga ankachitira zonse, mwachangu. M'mawa anadandaula za pachifuwa, masana anthu anali atayamba kale kulira. M'makina muja anasiya mazira khumi ndi anayi, atatsala masiku atatu kuti aswe, ndipo ntchito inagwera akazi awo, amene kwa zaka makumi awiri anakanitsitsa kukhudza makinawo. Makinawo ankawatcha mkazi mnzawo.

Nsanjeyo inali ndi pochokera. Amayiwo ali m'chipinda chochirira mwana woyamba, Azamba anagogoda chitseko kawiri kufunsa anamwino ngati zinthuzo sizingafulumireko pang'ono, poti kushopu kunali munthu wodikira wotchi. Nkhaniyi amayi sanaiiwale, ndipo mazira akayamba kuswa inkabweranso.

"Ine munkandiwerengera mphindi, bakha mukumupatsa masiku awiri."

"Inu munali ndi anamwino atatu," ankayankha Azamba osatembenuka. "Uyu ali ndi ine ndekha."

Amene analawa ukali wawo bwinobwino ndi wometa uja. Tsiku lina analowa mushopu kudzawakumbutsa za mbali yotsala ya mutu, n'kuona dzira litabooka, kamlomo kali panja, kakulira. Chifundo chinamugwira munthu. Anatambasula dzanja kuti atsegule makina, chikhadabo chili chokonzeka, koma rula ya Azamba inafika msanga pazala.

"Kakulira, achimwene," anatero wometa akupukusa dzanja.

"Inunso mumalira tsiku lililonse. Alipo anakung'ambani?"

Kenako kunabwera phunziro, ndipo wometa anamvera ataimirira, makasitomala ake akuyasamula kutsidya kwa msewu. Azamba anamuuza kuti kabakha kakaboola chigoba kamayamba kapuma kaye, tsiku lathunthu, mwina awiri. Kachikopa ka m'kati kakakhala ndi timitsempha tofiira, ukang'amba ndiye wakapha. Kakamatafuna pakamwa ngati nkhalamba yopanda mano, ndiye kuti kakumezabe chakudya chake cha m'dzira kulowetsa m'mimba, ukasiye. Anamuuzanso kuti iwo eni anaphunzira ndi misozi: kabakha kawo koyamba anakasenda ngati dzira lowiritsa, kanatha magazi m'manja mwawo, ndipo tsiku limenelo shopu sanatsegule.

Kuyambira pamenepo wometa anasanduka mlaliki. Msewu wonse unaloweza lamulo la Azamba, lakuti osakhudza.

Maliro atatha, mazira khumi ndi atatu anaswa okha popanda vuto. Chinalakwika n'chakuti aliyense wobwera kudzapepesa ankafuna kuona "ana amasiye", ndipo aliyense ankatsegula chivindikiro kuti aone bwino. Telala anatsegula, wogulitsa nsapato anatsegula, alamu awo a amayi anatsegula kawiri chifukwa koyamba analibe magalasi. Azamba akanakhalapo, rula ikanathyoka, chifukwa ukatsegula makina chinyezi chimathawa. Dzira lomaliza linali litabooka dzana, ndipo bowo lake linali lomwelo, osakula.

M'mawa wa tsiku lachitatu amayi anakhala pampando wa amuna awo, anthu atadzaza pakhomo la shopu. Wometa anawakumbutsa kuti malemu anati osakhudza. Telala anavomereza ndi mutu, alamu nawonso. Amayi anawayang'ana onse n'kuona kuti anthuwa anamva theka lokha la phunziro, pamene iwo, amene ankasita zovala kuseri kwa khoma zaka zonsezo akunamizira kuti sakumva, analimva lonse mpaka kutopa nalo.

Anatenga tochi n'kuunika pabowo. Kachikopa kanali kouma, kofiirira ngati pepala lakale, katamatirira kumutu. Mtsempha wofiira panalibe ndi umodzi womwe. Kamlomo sikankatafunanso, kankangoyasama, ndipo kulira kwake kunali kutachepa poyerekeza ndi dzulo. Amayi anachita mantha enieni. Kakanafera m'manja mwawo, msewu wonse ukanati apha kotsiriza ka amuna awo. Koma ankadziwanso kuti akakasiya sikafika madzulo.

"Ndipatseni thonje ndi madzi ofunda," anatero.

"Amayi, malemu..." anayamba wometa.

"Malemu ndakhala nawo zaka makumi anayi. Inu mumangowameta mbali imodzi."

Mudilowa ya mawotchi anatengamo kopanira kamene Azamba ankanyamulira timisomali. Ananyowetsa kachikopa, n'kuthyola kachidutswa ka chigoba kochepa ngati njere ya mpunga. Anadikira, kuona ngati patuluka magazi. Ananyowetsanso, n'kuthyola kena. Wometa anatembenukira kukhoma, ati sangapirire, koma ankafunsa telala mphindi iliyonse kuti zafika pati. Patatha pafupifupi ola, mutu ndi phiko limodzi zinali panja. Apo amayi anaika kopanira pansi, n'kubweza dzira m'makina, chifukwa zotsalazo zinali za mwini wake. Kabakha kanapuma, kanapumanso, kenako kanaponda kamodzi n'kugwera pambali, konyowa, konyansa ngati kansanza kotsukira mbale. Wometa analira kuposa mmene analirira kumanda.

Masiku ano msewu wathu uli phee. Wometa amamaliza mutu uliwonse mbali zonse ziwiri, ndipo amati ntchito yatha kukoma. Kutiyi anthu amauzira kaye asanamwe, palibe wokalipira kapu. Mawotchi otsala mushopu muja aliyense amanena nthawi yake, ndipo palibe amene akudandaula.

Koma tsiku lija, anthu atabalalika, amayi anatsala okha pagalasi, akuonerera kabakha kakuuma ubweya. Anali atakonza kale mawu owanyoza nawo amuna awo, oti mkazi mnzawo uja wawamvera tsiku loyamba lomwe. Anatembenuka kuti anene, n'kupeza kuti mpando umene amuna awowo akanakhalapo aukhalira iwo eni. Chisoni chinawagwira pamenepo, chachikulu kuposa cha tsiku la maliro.

"Bambo inu," anatero chapansipansi, "dzira munkalidikira masiku awiri. Mukanangodikirako atatu okha, bwenzi mutandiona."