Lamba wa Wotchi ya Amake Esinati

Amene akufuna kuseka aseke tsopano lino amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Ndimamva zimene mumanena pa Bowe pano ndikangodutsa, kuti a Mphadzula ukalamba wawalowa m'mutu, amayenda ndi nsanza padzanja. Nsanza yake iyi, yang'anani bwino. Ine ndine munthu wa mpingo, bodza sindilidziwa, ndipo wokayikayo asendere kuno akhale patsogolo.

Kawotchi aka si kongoonera nthawi ayi. Kamawerenga mapazi amene munthu waponda, kamamvera kugunda kwa mtima, n'kumatumiza zonsezo pa foni ya mwana wanga Esinati amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Anagulira amayi ake atayamba kudwala kuthamanga kwa magazi, poti kuchipatala anati aziyendako. Anayenda ndithu amake Esinati, kumunda, kuchigayo, kutchalitchi, koma matenda anali ndi liwiro kuposa iwo. Titabwera kumanda, anthu atabalalika, Esinati anandigwira dzanja n'kundimanga wotchi ya amake.

“Ababa, pakhomo pano mwatsala nokha,” anatero. “Ndikaona pa foni kuti simukuyenda, ndibwera kudzakutengani. Mukakhala nane kutauni.”

Kutauni ine, kusiya munda wanga, kusiya amake Esinati atagona okha kuseri kwa chitunda? Ndinayamba kuyenda. Ndinkapita kudimba n'kubwerera dala ngati ndaiwala khasu, ndinkazungulira khola mpaka mbuzi kuchita chizungulire, ndipo njira ya kuchitsime inakumbika ndi mapazi anga mpaka amayi okatunga madzi ankaoneka zidebe zokha. Mukumva?

Ndiye tsiku lina mvula itayamba, ndikudula mitengo yokonzera chigafa cha fodya, lamba wa wotchi anaduka, wotchiyo n'kugwera m'matope. Ndinaitola, ndinaipukuta, ndinapita nayo ku Dowa Boma. Wokonza mafoni pamsika anaitembenuza uku ndi uku nati malamba otere amapezeka ku Lilongwe kokha. Ine ndinadziwa kuti ndikaponda ku Lilongwe sindibwerako. Ndinati ndipanga ndekha.

Ndinayamba ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinamanga bwinobwino, koma kansonga kena kanatsala kakulendewera, ndipo tsiku lomwe ndinkapita kumaliro a mlamu wanga ku Mvera kansongako kanakola pa nsanamira ya chigafa ine osadziwa, ndinayenda, ndinakwera mapiri, ndinatsika zigwa, ndinawoloka mitsinje, mphira akungotamuka pambuyo panga, anthu a njinga akugwa nawo m'misewu, amayi ena akuyanikapo zovala, ndipo nditafika pa siwa n'kutukula dzanja kuti ndipereke moni kwa anamfedwa, mphira uja anakumbuka kwawo, anandizula pansi, ndinaona denga la tchalitchi cha pa Mvera likuchepa pansi panga, ndinadutsa akabawi m'mwamba, n'kudzagwera m'chigafa changa chomwe, nyimbo imene ndinaimva ikuyamba kumaliroko isanathe m'makutu mwanga. Mphira anaduka pamenepo. Mlamu wanga sindinamuike.

Ndinati pafunika chikopa, koma osati cha mbuzi chimene chimanunkha mvula ikagwa. Ndinanyamuka wapansi ulendo wa ku phiri la Ntchisi kukasaka nsato, wotchi nditaipana kukhwapa kuti izimvabe mtima wanga Esinati asadabwe. Ndiye kuti dzanja logwira ntchito linali limodzi lokha, musaiwale zimenezo. M'nkhalango muja ndinakhala pa chipika kuti ndipume, chipika n'kuyamba kuyenda, ndipo nsato imeneyo mutu wake unali pamwamba pa phiri ukuwotha dzuwa pamene mchira unali kumwa madzi ku mtsinje wa Bua, moti nditaiponda pakati, uthenga usanafike kumutu ndinali nditadya kale chinangwa changa n'kusamba m'manja, ndipo itatembenuka n'kundizinga ndinamva nthiti zanga zikupatsana moni, koma ine ndi dzanja limodzi lomwelo ndinaigwira pakhosi, ndinaiyang'ana m'maso, ndinaiuza kuti mkazi wanga anamwalira ndipo palibenso chimene ingandichite, ndipo njokayo inagwetsa nkhope, inamasula, n'kugona chagada kuti ndidule kachikopa kamene ndinkafuna. Sindinaiphe. Ilipo mpaka lero, ili ndi chipsera pamimba, kafunseni osaka uchi.

Lamba ameneyo anali wokongola, koma anali wamoyo. Dzuwa likafika pamutu njala inkamugwira, ankafinya dzanja langa mpaka kutupa ngati dzungu, ndipo ndinkachita kumukumbira mbewa kuti aleke. Nkhuku zanga zinasamuka pakhomo. Kenaka tsiku lina ndikusamba, anadzimasula yekha n'kukwawa ndi wotchi yomwe kukalowa m'udzu wa denga, ndipo anakhala mmenemo masiku angapo ine ndikumuitana. Njoka ilibe mapazi, nanga wotchi ikanawerenga chiyani? Foni yanga inalira.

“Ababa, mukudwala?”

“Ndili bwino, mwana wanga. Ndikungopuma.”

“Loweruka ndikubwera.”

Ndinasasula denga lonse, ndinaipeza wotchi, lamba uja ndinamuthamangitsa ndi mpini. Mvula inali ikulowa m'nyumba. Ndinakhala pa mphasa, wotchi ili m'manja yopanda chomangira, ndipo munthu amene ndinagonjetsa nsato ndinalibe nzeru ina. Pakona panali sutikesi ya amake Esinati, imene sindinaitsegulepo chiwaikire m'manda. Ndinaitsegula. Pamwamba penipeni panali duku lawo loyera limene ankavala popita kutchalitchi, likumvekabe fungo la mafuta awo a kumutu. Ndinang'amba m'mphepete mwake, ndinapinda kawiri, ndinasoka ndi singano yawo, ndikudzibaya zala poti ntchito imeneyi sindinaigwirepo. Tizitsulo togwirira lamba tinali titatayika kalekale, ndiye ndinalowetsa minga ya mthethe. Ndinamanga mfundo ndi mano.

Apa ndiye mvetserani. Nditayang'ana pa galasi la wotchi, mitima inali iwiri. Wina wolemera, wogunda pang'onopang'ono, umenewo wanga. Wina wofulumira, wodumphadumpha, monga momwe ndinkaumvera ndikaika khutu pamsana pawo masiku odwala aja. Nditanyamuka kupita kumunda, wotchi inawerenga mapazi a anthu awiri, ena aataliatali, ena aafupiafupi, ndipo titafika pa chulu pamene iwo ankakonda kupumira, aafupi aja anaima. Inenso ndinaima, ndinawadikira.

Loweruka Esinati anafikadi, atanyamula lamba watsopano wa kusitolo m'kapepala kowala. Anayang'ana denga losasuka, anayang'ana dzanja langa. Dukulo analizindikira. Anabweza kapepala kaja m'chikwama osatsegula.

“Taona,” ndinatero, “amayi ako awa.”

Anagwira wotchi, anadina m'mbali, anadinanso. “Ababa, wotchiyi inafa tsiku lomwe inagwera m'matope. Pa foni panga sipanabwerenso kanthu.”

“Nanga bwanji sunabwere nthawi yomweyo?”

“Ndinkafunsa anthu. Ankati amakuonani m'misewu tsiku lililonse, mukuyenda nokha, mukuyankhula.”

Anasesa m'nyumba, anandichapira, anapita kumanda yekha n'kubwerako maso ali ofiira. Ponyamuka anati andisiya ndikolole kaye, koma chimanga chikangouma n'kulowa m'nkhokwe abwera ndi galimoto, ndipo ulendo umenewo sadzandifunsa maganizo.

Inu mukuti galasili ndi lakuda, ndakumvani mukunong'onezana. Maso anuwo ndi omwe ali ndi vuto. Ndipo za galimotozo musandimvere chisoni, chifukwa ine ndinapita kumunda, ndinaima pakati, ndinachiuza chimanga changa kuti chisaume, ndipo chinamva. Minda yanu yonse yafiira, wanga uli biriwiri, ndipo ukhala choncho chaka chino ndi chamawa chomwe. Dzulo ndinaona masamba ena atayamba kufota, inde, koma ndi mizere ya kumsewu yokha, ndipo limenelo ndi fumbi.