Ba Kalenga Ankayamba Aona Nkhope

Faifi koloko m'mawa Rhodah amakhala ali kale pa mbaula, vitumbuwa vikulira m'mafuta. Nthawi imeneyo ndi imene ankamva mapatapata a ba Kalenga pa masitepe a mafulati a ku Kabwata. Mkuluyu adakalambira pa ntchito yopereka makalata, ndipo adatchuka ndi chinthu chimodzi: uthenga wa pa gulu la Watsapu la mafulatiwo sankauyankha asanaone nkhope ya woulemba.

"Foni ilibe nkhope," ankatero. "Nizaziba bwanji ngati munthu aseka olo aluma?"

Tsiku lina John wa fulati yapamwamba adalemba kuti, "Zikomo kwa amene watseka madzi." Ba Kalenga adakwera masitepe onse, nagogoda, napeza John ali thovu la sopo mutu wonse. Adamuyang'anitsitsa, kenaka adalembera gulu: "Naona nkhope. Si zikomo yazoona."

Chilufya, yemwe adasamukira ku Chelstone, atalemba kuti "Nakuyewani nonse", kutanthauza kuti wawasowa, mkuluyu adakwera mabasi awiri. Madzulo lipoti lidafika: "Ayewa enangu chabe. Maina nasunga."

Koma za Rhodah sizidali zoseketsa. Adaika pa gulu chithunzi cha vitumbuwa vake, ndipo Chipego, mnzake wapamtima amene adamuperekeza ku kiliniki pobereka mwana wake Lubuto, adalemba pansi pake: "Ivi ndiye vomangila nyumba, simenti yadula." Anthu adathira tinkhope toseka mpaka foni kutentha. Rhodah adawerenga katatu, natuluka m'gulumo. Masiku awiri mbaula sadayatse, ndipo akakumana ndi Chipego pa chingwe choyanikira zovala ankayang'ana kumbali.

Tsiku lachitatu mapatapata adaima pakhomo pake. Adali ba Kalenga, amene ankamuitana Bana Lubuto, ndiye kuti make Lubuto, iye n'kumawaitana ba shikulu, ndiye kuti agogo.

"Bana Lubuto, muli shani? Mbaula yazizila bwanji?"

"Vitumbuwa vanga ni njelwa, ba shikulu. Simunabelenge?"

"Nabelenga. Koma nkhope sininaone. Papani mwana kumsana, tiyeni."

Adakapeza Chipego akumwa tiyi wopanda chomwera. Ba Kalenga adamupatsa foni yawo.

"Belenga vamene unalemba, uyanganile mnzako m'maso."

Chipego adayamba bwinobwino, koma pofika pa simenti mawu adathothoka, kuseka ndi kulira kudabwera pamodzi.

"Iwe Rhodah, nimadya vinayi tsiku lililonse. Vikanakhala njelwa sembe nilibe meno."

Ba Kalenga adawerama ndi kumusuzumira ngati dokotala.

"Iyi ni nkhope ya njala na manyazi. Mulibe poizoni. Kayatseni mbaula."

Mmawa mwake chitumbuwa choyamba adapatsidwa ba Kalenga. Adachigogoda pakhoma kawiri, nachiika kukhutu.

"Koma kayisiti muwonjezeleko pang'ono."

Rhodah adaona nkhope yawo, ndipo adaseka mpaka Lubuto kudzuka kumsana.

Ba Kalenga adamwalira mwezi wa Juni, nyengo yozizira. Masiku ano mkangano wa pa gulu umatha sabata, aliyense ali m'nyumba mwake kulingalira za kankhope kachikasu kamene mnzake watumiza. Masitepe ali zii. Nthawi zina Rhodah amaphula chiwaya, navala mapatapata ake, nakagogoda yekha. Amabwerako atatopa, koma anthu amagwirizana.

Ulendo wake woyamba udali wa tsiku la malirolo. Sadalembe kanthu. Adabereka Lubuto, nayenda khomo ndi khomo mafulati onse, kenaka mabasi awiri mpaka ku Chelstone. Chilufya adamufunsa chifukwa chimene adavutikira chotero foni ali nayo m'manja. Rhodah adangobwereza zimene mkuluyo adamupempha ali pabedi kuchipatala, atamugwira dzanja:

"Bana Lubuto, nikapita musalembe pa gulu. Bazaganiza ni nthabwala zanga. Muyende mweka, baone nkhope yanu."