Mmene Ndinagonekera Alamu Anga pa Bypass

Nkhani iyi ndakhala ndikuikana kwa nthawi yaitali. Koma poti ngakhale osintha ndalama pa boda ayamba kuifotokoza mothira mchere wawo, bola ndiinene ndekha, manyazi ake andithere kamodzi.

Ine ndine wometa. Kashopu kanga kali pafupi ndi boda ya Mwanza, ndipo muli TV imene imayaka kuyambira m'mawa. Munthu ukamaonera TV tsiku lonse umadziwa zinthu, kapena umaganiza kuti ukudziwa. Kwa apongozi anga ku Thambani, kukabwera uthenga wa Chizungu pafoni, ankati, "Dikirani bambo a Tadala." Ulemu umenewo ndinkaumva kukoma.

Mlamu wanga Zuze, mchimwene wa mkazi wanga, amayendetsa thiraki. Banja lawo linabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno, ndipo iye amanditchula kuti kunyado, ndiye kuti mlamu kwawoko. Ndi munthu wa mimba yake, wokonda kanyenya, ndipo BP anamupeza nayo kalekale. Sabata imene ndikunenayi, Loweruka, kunali chinkhoswe cha mchemwali wawo wotsiriza, ndipo Zuze ndiye ankayembekezeka kuimira akuchikazi.

Lachitatu masana, ndili pakati pometa munthu, foni inalira. Anali Zuze, mawu akumveka patali ngati ali m'chitsime.

"Kunyado, zinthu sizili bwino. Ndili ku Lilongwe kuno, pa bypass."

"Pa chiyani?"

"Pa bypass. Pampu yasiya kupopa. Akuti mapaipi atsekeka chifukwa cha mafuta oipa. Atsegula mawa. Mukawauze kunyumba kuti Loweruka mwina sindi..."

Foni inaduka. Ndinaimbanso, osapezeka.

Ndinakhala pansi, mashini akulirabe m'manja. Mwezi womwewo ndinali nditaonera dokotala wina pa TV akufotokoza kuti mtima ndi pampu, kuti mafuta akachuluka amatseka mapaipi a magazi, ndipo zikafika poipa amakutsegula pachifuwa. Dzina la operation imeneyo ndinalisunga bwinobwino: bypass. Pampu, mapaipi, mafuta, kutsegula. Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga ngati zipi.

Kasitomala uja ndinamusiya mbali imodzi yometa, ina ayi. Ndinatenga mkazi wanga, tinakwera pick-up ya ku Thambani.

Mwambo wake mukuudziwa, mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso. Koma tsiku limenelo ndinanjuta pabwalo, n'kutola kamtengo, n'kujambula mtima padothi. Apongozi anakhala pamkeka, a Rozina, akazi a Zuze, ataima pambuyo pawo.

"Apa ndi pamene patsekeka," ndinatero. "Ndiye madokotala adula apa, atenge kamtsempha kamwendo, alumikize uku."

"Kamwendo?" anafunsa apongozi. "Mwendo walakwanso chiyani?"

"Ndi mmene amachitira, mayi. Science."

A Rozina anayamba kulira. "Ndinkawauza ine za kanyenya uja. Ndinkawauza!"

Dzuwa lisanalowe, amayi a kutchalitchi anali atadzaza khonde, akuimba nyimbo zachisoni. Abusa anabwera panjinga, napemphera pemphero lalitali, ndipo pakati pake anandithokoza ine potchula dzina, kuti Mulungu anaika munthu wozindikira m'banja limeneli. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa. Akuchimuna anatumiziridwa uthenga kuti chinkhoswe chiyambe chaima.

Apongozi analamula kuti mwana wawo sangatsegulidwe ngati mbuzi popanda wachibale pafupi. Kutacha tinanyamuka atatu: iwo, a Rozina, ndi ine monga womasulira.

Mu minibus ya ku Zalewa kondakitala anandipanikiza mpando umodzi ndi apongozi, phewa kugundana ndi phewa. Ndinayenda ulendo wonsewo khosi litapindikira kuwindo. Pa Zalewa tinakwera basi ya ku Lilongwe. Ntcheu, Dedza, ine ndikungolangiza. Ndinawauza kuti akamuona Zuze asalire mokweza, mtima watsopano sufuna phokoso.

Tikuyandikira mumzinda, pa roundabout ya ku Bunda, a Rozina anagwira galasi.

"Alamu, thiraki yaima apo ikufanana ndi ya amuna anga, bambo a Paulo."

Ndinayang'ana mwaulesi. "Mathiraki amafanana, alamu. Maganizo akachuluka munthu umaona zinthu. Limbani mtima."

Anapepesa. Tangoganizani, anandipepesa ine.

Kuchipatala chachikulu ndinakonza kolala, n'kupita kwa nesi amene anali pakhomo la ward ya abambo.

"Sister, tikufuna wodwala wathu. Bypass patient, from Mwanza."

Nesi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anafunsa dzina, anakafufuza, anabwerako. Kunalibe. Tinapita ward ina, kunalibenso. Titatuluka ward yachitatu, apongozi anakhala pansi pakhonde, n'kuvula mpango kumutu.

"Meu Deus. Ngati sali m'mabedi, ndiye kuti ali kozizira kuja. Bambo a Tadala, musandibisire."

Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Zuze.

"Kunyado, pepani dzulo batire inatha. Nkhani yabwino, atsegula ndipo zatheka."

"Alamu! Mwadzuka kale? Mukutha kuyankhula?"

"Ndilekerenji kuyankhula?"

"Musadzikakamize. Ingondiuzani, muli ward iti?"

Zuze anadabwa.

"Ward yanji, kunyado? Ndili pa bypass, pafupi ndi roundabout ya ku Bunda. Inu muli kuti?"

Ndinadula foni. Ndinauza amayi aja kuti wodwala wapezeka, ali moyo, kungoti amusamutsira kwina. Sindinaname kwenikweni, ndinkangogula nthawi.

Tinakwera taxi. Dalaivala wake anali wolongolola, ndipo nditangoti "pa bypass" anayamba kuyamikira.

"Msewu umenewo watipulumutsa, bwana. Angoutsegula kumene. Kale mathiraki onse ochokera ku Mwanza, opita ku Mchinji ndi ku Zambia, ankalowa m'tauni momwemo, kudzapanikizana ndi ife pa mlatho wa ku Old Town. Imodzi ikafera pamenepo, basi, tauni yonse yaima. Pano akafika pa Bunda amangokhotera kumanzere, kulambalala mzinda chakumadzulo, n'kukatulukira pa msewu wa ku Mchinji."

"Iyi bypass ndi msewu?" anafunsa apongozi kumbuyo, mwaulemu kwambiri.

"Eya, mayi. Wa tala wabwino."

"Ulibe madokotala?"

"Madokotala a chiyani, mayi?"

Ndinamva maso anayi akundiboola pankhongo. Ine Lilongwe ndinali nditafikako komaliza msewuwo usanamangidwe, koma ndinaona kuti si nthawi yabwino yofotokozera zimenezo.

Thiraki inali pomwe paja a Rozina anailoza. Pansi pake panatuluka miyendo iwiri, itatambalala, osagwedezeka. A Rozina anaizindikira ndi nsapato, ndipo poti misozi inali kale pafupi, anayambiranso kulira. Miyendo ija inakokeka, kenaka mimba, kenaka Zuze yense, girisi mpaka m'makutu, dzanja lina sipanala, lina chimanga chootcha.

"Amayi? Rozina? Kwagwanji kumudzi? Wamwalira ndani?"

"Iweyo," anatero apongozi. "Unatsala pang'ono."

Anamuvula shati pamsewu pomwepo, mwana wamkulu wa ndevu zake, n'kumusisita pachifuwa kufuna bala. Amakaniko awiri amene ankamuthandiza anasiya ntchito kuti aonere bwino. A Rozina atafotokoza zonse, kuyambira pa chojambula changa cha padothi mpaka pemphero la abusa, Zuze anaseka mpaka anakhala pansi, kutsamira tayala. Anaseka mwakuti ndinaopa kuti mtima uja ungaimedi, ndipo mwina zikanandithandiza.

Pobwerera apongozi anandisungira mpaka pa Dedza. Pamenepo anauza a Rozina, mokweza kuti ndimve, "Uwafunse bambo a Tadala ngati phiri ilo ndi phiridi, kapena nalonso ndi matenda."

Chinkhoswe chinachitika Loweruka lomwelo, titathamanga kukapepesa akuchimuna. Vuto linali loti uthenga wa matenda unafika mudzi wonse, koma uthenga wa msewu unafika nyumba zochepa. Zuze atangotsika galimoto, wonenepa ngati kale, akuyenda yekha, amayi a kutchalitchi anayamba nthungululu. Ena ankamugwira malaya. Abusa, amene nkhani yoona anali ataimva koma sanafune kuti iwonongeke, anamupatsa maikolofoni kuti apereke umboni.

Ndinamuyang'ana mlamu wanga ndi maso opempha. Iye anandimwetulira.

"Abale, ndikuthokoza mapemphero anu," anatero. "Operation inayenda bwino kwambiri. Anandigoneka pansi pa thiraki, anachotsa pampu yakale, anaika ina ya second-hand. Pano ndikutha kukwera phiri ndi matumba a feteleza osapuma. Amene akumva kupweteka paliponse, dokotala amene anandiyeza pafoni ndi uyo wakhala apoyo. Amametanso tsitsi."

Anthu anafa ndi phwete. Gogo wina amene samamva bwino anabwera ndithu kudzandionetsa bondo.

Mawu a Chizungu ali ngati mpando wa minibus, mumakhala anthu oposa mmodzi, ndiye uziyamba wasuzumira usanakhalepo.