Chimbale changa ndi duku la apongozi

Anzanga, musafulumire kuseka, nkhaniyi ine imandiwawabe.

Ine ndayendapo. Ndinawotchererapo zitsulo ku Lilongwe, ndinayendetsapo thiraki ya ku Beira, ndinalonderapo pageti ku Joni, pano ndimanyamula makatoni a kabichi kumsika waukulu wa ku Canning Vale, ku Australia. N'chifukwa chake apongozi anga aakazi dzina langa analisiya kalekale, amangoti "aphazi aja". Apongoziwo atabwera kudzationa kuno ku Perth, mkazi wanga, mayi a Tadala, anandinong'oneza kuti, "Amayi akufuna aone ngati mwakhazikika. Akakhutira atipatsa malo aja a pamango, pafupi ndi nyumba yawo, timangepo."

Malo amenewo, ku Dedza, ine ndimawalota ndili maso. Ndi pamene ndinkafuna kukakalambira, phazi litatopa.

Ndiye ndinaganiza zowaonetsa chinthu chimodzi chimene ndachigwiritsitsa zaka ziwiri osachisiya: gofu wa zimbale. Umaponya chimbale cha pulasitiki kuchokera kutali mpaka chikalowe m'dengu la matcheni. Palibe anandiphunzitsa, ndinatola pafoni. Kuti chipite patali komanso molunjika, nkhani si mphamvu ya mkono ayi. Umaima cham'mbali, kupotokola chiuno mpaka nkhope iyang'ane kumbuyo, kenako kukoka chimbale modutsa pachifuwa ngati ukuliza jenereta. Miyezi itatu ndinkayeserera ndi thaulo kuseri kwa makatoni nthawi yopuma, anzanga apantchito akumafunsana ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

Loweruka masana tinapita kupaki ina ya mabulugama onunkhira ngati a kusukulu kwathu. Ine monga katswiri ndinauza mayi a Tadala kuti, "Amayi aime kumbuyo kwanga, ndiko kotetezeka."

Chimene ndinaiwala mukuchidziwa? Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Zaka makumi awiri tikulankhulana kudzera mwa mwana wawo, maso pansi, tikakumana panjira wina n'kupatuka. Ndiye ndatenga masitepe anga bwinobwino, ndapotokola chiuno, ndatembenuka, ndangoti maso ndi maso ndi apongozi! Mawondo anapindika okha, sanandipemphe. Manja akufuna kuwomba m'manja, chimbale chikufuna kuuluka, mapeto ake chinagwa pamapazi panga n'kugubuduzika masitepe asanu.

"Chafika?" apongozi anafunsa mwana wawo.

"Akutenthetsa thupi kaye, amayi," anatero mayi a Tadala. Mkazi wabwino.

Ndinapempha kuti awasamutsire pabenchi, pansi pa mtengo, chakumanja kutsogolo pang'ono, kuti tisaonanenso. Nzeru za ndani? Zanga. Koma munthu woponya ndi dzanja lamanja msana wake umaloza kumanja komweko. Ndili pakati pa kuponya ndinazindikira kuti ndawerama, kabudula wathina, ndipo mbuyo yanga yonse ndawalozetsa apongozi ngati ndikuwapatsa moni nayo. Ndinayesa kuibweza mbuyoyo mwaulemu thupi lili kale paulendo. Chimbale chinakwera m'mwamba, mphepo ya kunyanja ija imayamba masana inachilandira, n'kukachisiya pansonga ya bulugama.

"Bambo a Tadala, tiyeni tizipita, dzuwa lakula," anatero mkazi wanga.

Munthu wanzeru akanamva. Ine ndinaona mango aja akundithawa, ndinatulutsa chimbale china, chakuthwa m'mbali, chopita kutali. Ndinati ulendo uno nditsinzina, ndisaone munthu. Zonse ndinaphunzira zija, zakuti usakakamize, usachifinye, mkono ukhale wofewa, ndinazitaya. Ndinachifinya ngati chikwanje, n'kukoka ndi mphamvu zonse za m'makatoni. Chimbale chinakana kuchoka m'zala pa nthawi yake. Chinachoka mochedwa, n'kulunjika kumanja.

Ndinangomva "Mayo ine!"

Potsegula maso, duku la apongozi likuuluka, lija lobiriwira analimanga mwaluso m'mawa. Chimbale sichinawakhudze khungu, Mulungu ndi wachifundo, chinangolinyamula ngati kabawi atola mwanapiye. Apongozi ali pabenchi, manja onse kumutu, imvi zolukidwa theka zili pamtunda. Mutu umene ngakhale malemu apongozi aamuna sankauona pagulu, ine ndinauonetsa Australia yense.

Ndinathamangira dukulo, koma galu wa mzungu wina anandipitirira. Tinalimbirana, iye mbali iyi ine mbali iyo, mwini wake akungoti "Sorry, mate!" uku akuseka. Ndinalilanda litanyowa ndi dovu. Ndiye ndilipereke bwanji? Kuwayang'ana sindingathe, kuwafulatira ndachita kale zokwanira. Ndinayenda chogwada cham'mbali ngati nkhanu, nkhope kumitengo, mkono utatambasuka, mpaka mayi a Tadala anandilanda n'kundiuza chapansipansi kuti, "Kadikireni kugalimoto."

Sabata yonse nkhani ya malo osaitchula. Tsiku lonyamuka, pabwalo la ndege, apongozi anakonza mpango watsopano kumutu, n'kuuza mwana wawo ine ndili pomwepo:

"Muwauze bambo a Tadala kuti malo ndawapatsa."

Ine m'mutu ndinayamba kale kuwerengera njerwa za pamango.

"A kutsidya kwa dambo."

"Amayi, kumiyala kuja? Si kutali kumeneko?"

"Ndawaona kuponya kwawo, mwanawe. Amene ali kutali alibe nawo vuto. Tsoka lili kwa wokhala nawo pafupi."

Pamango paja ndamva kuti mlamu wanga wayamba kale kuumbapo njerwa. Ine ndikakalambira kumiyala, kumene ngakhale mbuzi zimapita monyinyirika.

Chimbale ndikuponyabe, ndipo masiku ano chikupita patali ndithu, poti palibe amene ndikufuna kumusangalatsa. Koma ndalumbira: apongozi akadzangoti akwera ndege yobwera kuno, zimbale zonse ndidzazitsekera mulokala ya kuntchito, kiyi n'kupatsa bwana. Ndidzawaonetsa luso lotsuka mbale basi, ndipo ngakhale pamenepo adzakhale kuchipinda china.